Mankhwala, Poizoni, Chiphe ndi Ululu: Mawu Otchulira Zinthu Zoopsa ndi Kagwiritsidwe Kake

 

Mwana akathamangira kudooko n'kukauza bambo ake kuti “amayi amwa mankhwala”, kodi bamboyo achite chiyani? Mwina mayiyo wamwa Panado chifukwa cha mutu, ndiye palibe chosiyira ukonde. Mwinanso wamwa mankhwala a makoswe, ndiye mphindi iliyonse ndi ya moyo. Chiganizo n'chimodzi, koma nkhani ndi ziwiri.

Kuno ku Likoma nkhaniyi si yongocheza. Chipatala chathu chachikulu ndi cha St Peter's ku Chipyela, ndipo wodwala amene akufunika chithandizo choposa pamenepo amayenera kuwoloka nyanja, ulendo wa maola angapo. Abale athu a ku Chizumulu ali ndi nyanja ina yowoloka asanafike n'komwe ku Chipyela. Malo otere, kutchula chinthu ndi dzina lake lenileni kumapulumutsa munthu. Kumatetezanso mnansi amene akanatha kunamiziridwa kuti ndiye wapha. M'munsimu tasonkhanitsa mawu amene timagwiritsa ntchito, tanthauzo lake, malo ake oyenera, ndi zimene Chisilamu chikuphunzitsa pa chilichonse.

Mankhwala

Awa ndiwo mawu aakulu koposa, komanso osokoneza koposa. Timati mankhwala a malungo, mankhwala a chimanga, mankhwala a makoswe, mankhwala othira m'madzi akumwa, mankhwala a sing'anga. Ochiritsa ndi akupha onse agona m'dzina limodzi.

Makolo athu sanalakwe potero, chifukwa chinthu chimodzi chimatha kuchiza ndi kupha malinga ndi mlingo wake. Panado amene amaziziritsa mutu, akamwedwa wochuluka nthawi imodzi amawononga chiwindi, ndipo zoopsazo zimayamba kuonekera patapita tsiku limodzi kapena awiri, munthu ataganiza kale kuti wapulumuka.

Lamulo la kalankhulidwe ndi ili: pa ngozi, mawu oti “mankhwala” asayende okha. Azikhala ndi mnzake: mankhwala ophera makoswe, mankhwala opopera tomato, mankhwala a shuga a agogo. Ana athu aphunzitsidwe zimenezi monga timawaphunzitsira dzina la bambo awo ndi mudzi wawo.

Poizoni ndi chiphe

Poizoni ndi mawu obwereka ku Chingerezi, koma akhazikika moti ngakhale agogo amawadziwa. Amatanthauza chinthu chimene chikalowa m'thupi, kudzera m'kamwa, m'mphuno kapena pakhungu, chimadwalitsa kapena kupha. Timati “chakudyachi chili ndi poizoni”, “anamuthirira poizoni”, “wamwa poizoni”.

Chiphe ndi mawu athuathu, ochokera ku mneni “kupha”. Amamveka kwambiri pawailesi, m'nyuzipepala ndi m'maulaliki. Tanthauzo lake n'lofanana ndi poizoni, koma ndi olemera, chifukwa mwa iwo muli kale imfa. Amayeneranso pofanizira: timati katangale ndi chiphe cha dziko, miseche ndi chiphe cha banja.

Tisamale ndi aneni amene timawaphatikiza ndi mawu awiriwa. “Wadya chakudya chokhala ndi poizoni” ndi kufotokoza zimene zachitika. “Wadyetsedwa” kapena “amuthirira” ndi mlandu, chifukwa mawuwo akuloza munthu. Kusiyana kwake ndi zilembo zochepa chabe, koma kwapasula mabanja ambiri.

Ululu

Ululu uli ndi matanthauzo awiri. Loyamba ndi kupweteka: ululu wa dzino, ululu wa pobereka. Lachiwiri ndi poizoni wa chamoyo chimene chimaluma kapena kubaya: ululu wa njoka, wa chinkhanira, wa njuchi. Njoka monga mphiri timati ndi yaululu. Nsato ndi yoopsa chifukwa cha mphamvu zake, koma ilibe ululu.

Sitinena kuti botolo la mankhwala a mbewu lili ndi ululu, ndipo kawirikawiri sitinena kuti njoka ili ndi chiphe. Kusiyanitsaku n'kothandiza chifukwa chithandizonso n'chosiyana. Wolumidwa ndi njoka agonekedwe, chiwalo cholumidwacho chisagwedezeke, mphete ndi zibangili zivulidwe chisanatupe, ndipo anyamulidwe kupita kuchipatala. Kutema pabala, kuyamwa magazi ndi kumanga mwendo ndi lamba mothinitsa kumawonjezera vuto. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaika kulumidwa ndi njoka m'gulu la matenda onyalanyazidwa a m'maiko otentha m'chaka cha 2017, chifukwa ambiri ofa nako ndi anthu a m'midzi amene amafika mochedwa kuchipatala. Kuwerengera wodwala dua ndi ruqya n'kololedwa, koma kuchitike ali m'njira, osati m'malo mwa ulendowo.

Tameki ndi anzake a pamsika

Tameki ndi dzina lochokera ku Temik, mankhwala a timibulu takuda amene anapangidwira kupha tizilombo ta m'nthaka m'minda. Dzina la chiphe chimene chili m'kati mwake ndi aldicarb. Anthu anayamba kuwagwiritsa ntchito pophera makoswe, ndipo lero ambiri amatchula mankhwala alionse a makoswe kuti tameki.

Apa pali msampha. Tameki weniweni amagwira msanga: munthu amatuluka dovu ndi thukuta, amasanza, amatsekula m'mimba, timaso takuda timachepa, ndipo amabanika. Koma pali mankhwala ena a makoswe, aja a timibulu kapena timabuloko tamitundu, amene amalepheretsa magazi kuundana. Womwa amenewa amaoneka bwinobwino kwa masiku angapo, kenako amayamba kutuluka magazi m'nkhama, m'mphuno kapena m'mkodzo. Woyambayo dokotala amamuthandiza ndi atropine, wachiwiriyo ndi vitamini K. Tikangoti “tameki” pa zonse ziwiri, tikhoza kusocheretsa amene akufuna kutithandiza.

Palinso mapiritsi osungira chimanga, aja otuwa amene amaikidwa m'matumba. Akakhudzana ndi chinyezi amatulutsa mpweya wakupha wotchedwa phosphine. Kuwatchula kuti “mapiritsi” n'koopsa pamaso pa mwana, amene amadziwa kuti mapiritsi ndi omeza. Matumba oikidwa mapiritsi amenewa asakhale m'chipinda chogona anthu. Akiteliki, ufa wothira m'chimanga, nayenso ali ndi mlingo wake wolembedwa pachikutiro, ndipo anapangidwira mbewu. Kumuwaza pa usipa kapena utaka wouma kuti usafumbwe, kenako n'kukaugulitsa osanena, ndi chinyengo pa malonda komanso kuika moyo wa wogula pachiswe.

Kupha khoswe n'kololedwa m'Chisilamu. M'mahadith a Bukhari ndi Muslim, khoswe ndi chinkhanira zili m'gulu la zamoyo zowononga zimene zingaphedwe ngakhale m'malo opatulika. Koma chilolezo chopha khoswe si chilolezo chosiya chiphe pomwe mwana wokwawa, nkhuku kapena mphaka angafikepo.

Katupe ndi ombwe

Katupe ndi dzina limene asodzi amatchulira chomera chimene chimasinjidwa n'kuthiridwa m'madzi kuti nsomba ziledzere n'kuyandama. Ombwe ndi chitsamba china cha mtundu wa nyemba chimene alimi amabzala pofuna kubwezeretsa chonde, ndipo masamba ake amaphanso nsomba ndi tizilombo. Timati “kuthira katupe” kapena “kupha nsomba ndi katupe”. Anthu ena lero amathira mankhwala a m'botolo m'madzi koma n'kumatchulabe kuti katupe, ngati kuti dzina lakale lingafewetse tchimo latsopano.

Katupe sasankha. Amapha nsomba yaikulu pamodzi ndi ana ake, ndi tamoyo timene nsomba zimadya. Lamulo la dziko lino loyang'anira za usodzi la m'chaka cha 1997 limaletsa kupha nsomba ndi poizoni kapena mabomba. Qur'an, mu Sura ya Ar-Rum ndime 41, ikutiuza kuti chionongeko cha pamtunda ndi panyanja chimadza chifukwa cha ntchito za manja a anthu. Mtumiki (SAW) analetsa ngakhale kukodza m'madzi odikha. Nanga kuthiramo chiphe, m'madzi amene tonse timamwa, kuchapira ndi kupangira wudhu?

Ena amafunsa: popeza nsomba ndi halali ngakhale itafa yokha, kodi yophedwa ndi mankhwala ndi halali? Kufa kopanda kuzinga sikuiletsa, zimenezo n'zoona. Chimene chimailetsa ndi choopsa chimene chalowa m'mnofu wake. Nsomba yoyandama pamalo pamene pathiridwa mankhwala a m'botolo isadyedwe ndipo isagulitsidwe. Chimodzimodzi masikito otetezera ku udzudzu: ananyikidwa m'mankhwala ophera tizilombo, maso ake ndi ang'onoang'ono, ndipo malo ake ndi pabedi, osati m'nyanja.

Chinangwa chowawa

Kondowole ndiye nsima yathu, choncho mawu awa ndi a m'khitchini ya aliyense. Chinangwa timachigawa pawiri: chozizira, monga manyokola, chimene chimadyedwa chongophika, ndi chowawa, monga gomani, chimene chimafuna kuviikidwa. Pa chinangwa, “kuwawa” si nkhani ya kakomedwe kokha. Ndi chenjezo lakuti muli chiphe chotchedwa sayanaidi. Amayi athu akamachisenda, kuchiviika masiku angapo mpaka chifewe, kuchifinya ndi kuchiyanika mpaka chiume, amakhala akuchotsa chiphecho. Madzi oviikiramo asamwedwe ndi mbuzi kapena ana.

Ngozi imabwera nthawi ya njala, pamene anthu amafupikitsa masiku oviika. M'chaka cha 1981, chilala chitagwa m'chigawo cha Nampula ku Mozambique, anthu oposa 1,000, ambiri amayi ndi ana, anapuwala miyendo chifukwa chodya chinangwa chowawa chosakonzedwa bwino. Matendawa amatchedwa konzo, ndipo wopuwala nawo sachira. Mayi akanena kuti “sichinafewe”, bambo wanjala adekhe. Mawu amenewo ndi nzeru ya mibadwo.

Chuku

Chuku ndi nkhungu imene imamera pa mtedza ndi chimanga chosungidwa chisanaume. Imatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene sachoka ndi kuphika kapena kukazinga. Wochepa wodyedwa kwa zaka amawononga chiwindi ndipo amatha kuyambitsa khansa; wochuluka amapha msanga, monga zinachitikira ku Kenya m'chaka cha 2004 pamene anthu 125 anafa ndi chimanga choipa. Ife a pachilumba timagula chimanga chambiri chobwera pa Ilala ndi m'maboti, chimene chimatha kunyowa m'njira. Tichiyang'ane tisanachigaye. Kusankha mtedza wabwino wogulitsa n'kusiya wachuku kuti usinjidwe nsinjiro za ana ndi kulakwira ana athu omwe.

Mwavi, kombe ndi ulembe

Awa ndi mawu akale. Mwavi, kapena mwabvi m'kalembedwe kakale, ndi mtengo umene khungwa lake linkasinjidwa n'kumwetsedwa kwa munthu woganiziridwa ufiti kapena mlandu wina. Akasanza ankati ndi wosalakwa, akafa ankati mlandu wamugwira. Zoona zake n'zakuti khungwalo lili ndi chiphe chogwira mtima, ndipo kusanza kapena kufa kunkadalira mlingo ndi thupi la munthu, osati chilungamo. Boma linaletsa mchitidwewu ndi lamulo la za ufiti la m'chaka cha 1911. Pachilumba chathu, dzina loti Chipyela limakumbutsa malo amene ankatentherapo anthu oganiziridwa ufiti. M'Chisilamu, mlandu umatsimikizika ndi umboni kapena kuvomera kwa mwini wake. Kufunsa mtengo kuti uulule zobisika ndi kupatsa cholengedwa udindo wa Allah, ndipo kumwetsa munthu chiphe mpaka afe ndi kupha, ngakhale mudzi wonse utavomereza.

Kombe ndi chomera choyanga chimene njere zake alenje a m'chigwa cha Shire ankapangira chiphe chopaka kumivi, ndipo chiphe cha kumivi chinkatchedwanso ulembe. John Kirk, dokotala amene anayenda ndi David Livingstone pa ulendo wa mtsinje wa Zambezi umene unayamba mu 1858, anazindikira kuti kombe amachedwetsa kugunda kwa mtima. Pambuyo pake Thomas Fraser wa ku Edinburgh anapangamo mankhwala a mtima otchedwa strophanthin. Mpaka lero dzina la chomerachi m'mabuku a sayansi ndi Strophanthus kombe, lomwe lasunga mawu a makolo athu. Chiphe cha mlenje chinasanduka mankhwala a dokotala, ndipo chimene chinasintha ndi mlingo ndi cholinga.

Ndulu ya ng'ona

M'mbali mwa nyanja ndi mitsinje, munthu akafa mwadzidzidzi atadya kapena kumwa kwa eni, mawu amene amanong'onedwa ndi akuti “ndulu ya ng'ona”. Nkhani ya ku Chitima, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, itiphunzitse. Mu Januwale 2015 anthu 75 anafa atamwa mowa wamasese pa mwambo wa maliro. Mbiri inafala msanga, mpaka m'manyuzipepala akunja, kuti wina anathiramo ndulu ya ng'ona. Akatswiri atapima anapeza kuti ufa wophikira mowawo unali utaonongeka ndi madzi, ndipo munamera tizilombo totulutsa poizoni wotchedwa bongkrekic acid. Panalibe ng'ona, panalibe mdani. Mayi wophika mowawo nayenso anali m'gulu la omwalira.

Ife sitimwa mowa, koma timaphika thobwa ndi phala ndi ufa womwewo. Phunziro loyamba ndi lakuti ufa wonyowa n'kuvunda utayidwe. Lachiwiri ndi lakuti dzina loopsa limathamanga kuposa choonadi.

Zoledzeretsa ndi mankhwala ozunguza bongo

Zoledzeretsa ndi dzina la zonse zophimba nzeru: mowa, kachasu, chamba ndi zina. “Mankhwala ozunguza bongo” ndi mawu a apolisi ndi a pawailesi, otchulira chamba, mapiritsi ndi mankhwala a chifuwa omwedwa pofuna kuledzera. Achinyamata amazipatsa maina osekesa amene amasintha chaka ndi chaka, ndipo ife ophunzitsa ku madrasa ndi kusekondale timaona kuti dzina lokoma limachotsa mantha. Kholo likamva mawu achilendo akubwerezedwa pakati pa ana, lifunse modekha tanthauzo lake.

Lamulo la m'chaka cha 2020 linalola kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa okhawo opatsidwa chilolezo. Silinalole kusuta. Ndipo ngakhale boma litalola, Mtumiki (SAW) anaphunzitsa kuti chilichonse choledzeretsa chili ndi lamulo la mowa, ndipo chimene chochuluka chake chimaledzeretsa, chochepa chakenso n'choletsedwa.

Zakupha zopanda dzina

Zinthu zina zimapha mosavuta chifukwa sitizitchula kuti poizoni. Mbaula ya makala yosiyidwa m'chipinda chotseka usiku wa Juni kapena Julaye, mwera ukuwomba, imatulutsa mpweya wopanda fungo ndi mtundu. Ogona amamva mutu ndi chizungulire, ena sadzukanso. Parafini ndi petulo wa injini ya boti zikasungidwa m'botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi, mwana waludzu amaona chakumwa. Madzi a m'batire la nyali zopha usipa ndi asidi wotentha khungu ndi maso. Tiyeni tizitchule zinthuzi kuti poizoni pamaso pa ana, ndipo tilembe pa botolo lililonse chimene chilimo.

Mawu a Chiarabu amene timakumana nawo m'maphunziro

Summ ndiye poizoni m'Chiarabu, ndipo m'menemo ndi mmene munachokera mawu a Chiswahili oti sumu, amene timawamva kwa amalonda a ku Mbamba Bay. Tiryaaq ndi mankhwala othetsa mphamvu ya poizoni. Dharar ndi chilichonse chovulaza kapena chobweretsa vuto. Khamr ndi chakumwa chophimba nzeru, muskir ndi choledzeretsa chilichonse, ndipo mukhaddiraat ndi zija timati zozunguza bongo. Twayyib ndi chabwino, choyera ndi chopatsa thanzi, pamene khabiith ndi choipa ndi chonyansa. Najisi ndi uve umene umalepheretsa swala kufikira utatsukidwa.

Maziko a malamulo ake ndi awa. Sura ya Al-Baqarah ndime 195 ikuletsa munthu kudziponya m'chionongeko. Sura ya An-Nisa ndime 29 ikuletsa kudzipha ndipo ikukumbutsa za chifundo cha Allah. Sura ya Al-Ma'idah ndime 90 ikulamula kutalikirana ndi khamr. Sura ya Al-A'raf ndime 157 ikufotokoza kuti Mtumiki (SAW) analoleza zabwino n'kuletsa zoipa. Kuchokera mu hadith yodziwika, maulama anakhazikitsanso lamulo lakuti Msilamu asadzivulaze ndipo asavulaze mnzake.

Najisi si poizoni, poizoni si najisi

Ophunzira ambiri amasokoneza mawu atatu: haramu, najisi ndi poizoni. Chakudya chimatha kukhala haramu pa zifukwa zosiyana. Nkhumba, magazi ndi nyama yofa yokha ndi najisi. Mowa umaphimba nzeru. Mbuzi yakuba ndi haramu chifukwa ndi ya mwini, ngakhale itazingidwa bwino. Ndipo poizoni ndi haramu kumudya chifukwa amavulaza.

Choncho khungwa la mwavi kapena chinangwa chowawa si najisi. Munthu atachigwira akhoza kuswali. Koma kuchidya mwa njira yovulaza n'koletsedwa. Momwemonso chinthu chokhala ndi chizindikiro cha halali chikavunda sichikhalanso twayyib. Ndipo mlingo wochepa wa chinthu choopsa umene dokotala wodziwa waika m'mankhwala ndi wololedwa, popeza chifukwa choletsera, chomwe ndi kuvulaza, chachoka.

Pali chinanso chofunika kuchimvetsa. Kutsuka kwa twahara ndi kutsuka kochotsa mankhwala si chinthu chimodzi. Chigubu chimene munali mankhwala opopera mbewu, ngakhale chitatsukidwa kasanu ndi kawiri, sichiyenera kusungira madzi akumwa, mafuta ophikira kapena thobwa la futari. Chibooledwe kuti wina asachitole.

Mawu a pabotolo

Katundu wathu amachokera mbali zitatu za nyanja, choncho machenjezo amabwera m'zilankhulo zitatu. M'Chingerezi tidziwe Poison, Toxic, Danger ndi Harmful. Pa katundu wodzera ku Cobue ndi Metangula tidziwe mawu a Chipwitikizi oti Veneno, Tóxico ndi Perigo. Pa wa ku Tanzania pamalembedwa Sumu ndi Hatari. Kwa osadziwa kuwerenga, chithunzi cha chigaza ndi mafupa awiri opingasa chimatanthauza imfa m'chilankhulo chilichonse. Mabotolo ambiri a mankhwala a mbewu ali ndi mzere wa mtundu m'munsi mwake, ndipo wofiira ndiwo wa oopsa kwambiri.

M'Malawi muno, bungwe la Pesticides Control Board, lokhazikitsidwa ndi lamulo la m'chaka cha 2000, ndilo limavomereza mankhwala oterewa ndi kupereka zilolezo kwa ogulitsa. Mankhwala ogulitsidwa m'kapepala kapena m'kabotolo kopanda dzina ndi oopsa kawiri: amapha, ndipo dokotala sadziwa chimene akulimbana nacho. Wamalonda wa Chisilamu asagulitse zotere.

Zonena ndi zochita ngozi ikachitika

Wothamangira kuchipatala akonzekere kuyankha mafunso anayi: wamwa kapena wakhudza chiyani, chochuluka bwanji, nthawi yanji, ndipo wasanza kapena ayi. Atenge botolo, chikutiro kapena chakudya chotsalacho. Wodwala asakakamizidwe kusanza, makamaka ngati wamwa parafini, petulo kapena asidi, chifukwa pobwerera zimalowa m'mapapo kapena kutenthanso kummero. Mkaka, mazira aawisi, mafuta ophikira ndi madzi amchere sizithetsa poizoni, zimangotaya nthawi. Ngati mankhwala atayikira pathupi, zovala zivulidwe ndipo khungu litsukidwe ndi madzi ambiri ndi sopo. Wokomoka agonekedwe chammbali. Wosala m'mwezi wa Ramadhani amasule swaumu yake kuti alandire chithandizo, adzabweza tsikulo akachira.

Chovuta kwambiri ndi pamene munthu wamwa dala. Manyazi amachititsa banja kunena kuti “wangodwala m'mimba”, ndipo dokotala amataya nthawi kufunafuna matenda ena. Kudzipha ndi tchimo lalikulu, koma amene akupumabe ndi m'bale wathu wofunika kupulumutsidwa, ndipo khomo la toba ndi lotsegula. Nenani zoona kwa dokotala. Akachira asanyozedwe, akhale pafupi ndi abale, amvetseredwe, ndipo aonane ndi achipatala pa zimene zikumuvutitsa mumtima. Munthu akamanena kuti “ndingomwa tameki” chifukwa cha ngongole, banja kapena mayeso, tisayese nthabwala. Tikhale naye pansi, tichotse mankhwala m'nyumba, tiuze wina wodalirika.

Lilime lisapose umboni

M'chaka cha 7 cha Hijra, chomwe ndi 628, Khaybar itagonjetsedwa, mayi wina anapatsa Mtumiki (SAW) nyama ya nkhosa yootcha yothiridwa poizoni. Mtumiki analuma n'kulavula, koma swahaba Bishr ibn al-Bara anameza ndipo anamwalira nayo. Mtumiki (SAW) anaitanitsa mayiyo, anamufunsa, ndipo iye anavomera. Nkhaniyi ikutionetsa kuti kuthirirana chiphe kumachitikadi, komanso kuti ngakhale pamenepo mlandu unayenda ndi kufunsa ndi kuvomera, osati ndi manong'onong'o.

Sura ya Al-Hujurat ndime 6 ikutilamula kufufuza nkhani tisanavulaze anthu mwaumbuli, ndipo ndime 12 ikutichenjeza za kuganizirana zoipa. Pachilumba chaching'ono ngati chathu, pamene Msilamu ndi Mkhristu amakwera boti limodzi ndi kugula pamsika umodzi wa Mbamba, mawu oti “uja anadyetsedwa ndi uje” sabwereranso m'kamwa. Amatsekera mayi malonda ake a zitumbuwa, amathetsa ukwati, amatsata ana mpaka kusukulu. Ngati pali chikaiko chenicheni, njira yake ndi chipatala ndi apolisi, amene angathe kupima. Ngati palibe umboni, tinene zimene taona zokha: wadya chakuti, nthawi yakuti, ndipo wayamba kumva chakuti.

Usiku uno, banja lililonse liyendere nyumba yake. Litole botolo lililonse, kapepala kalikonse ndi chigubu chilichonse, litchule dzina lake lenileni pamaso pa ana, lilembe, ndipo likweze pamwamba kapena kutsekera zonse zoopsa, kutali ndi ufa, mchere ndi shuga.

Tikupempha Allah atiteteze ife ndi ana athu ku zoipa za zimene analenga, adalitse nyanja yathu ndi chakudya chathu, ndipo asunge malilime athu kuti asavulaze osalakwa. Allah ndiye Wodziwa koposa.